Udzudzu wa m'masipika sufuna fyuluta, ufuna mmisiri wodekha

Pali kaphokoso kena kamene kakudya ndalama za anthu mwakachetechete ku Limbe, ku Ndirande, ku Biwi ngakhalenso ku Mzuzu. Munthu wagula wailesi yatsopano ya m'galimoto, waonjezera ampu ndi chiwufa chodzadza buti yonse, walipira mmisiri wolumikiza. Injini ili chizimire nyimbo zikumveka bwino zedi. Koma kungoliza injini basi, m'masipika mwalowa udzudzu. Ukaponda moto udzudzuwo ukweza mau, ukachotsa phazi nawonso utsitsa.

Mwini galimoto akabwerera kwa mmisiri uja, yankho limakhala lokonzeratu: "Biggie, apa pakufunika fyuluta." Agula fyuluta, udzudzu uchepa pang'ono koma osatha. Sabata yotsatira auzidwa kuti ampu ndi yabodza, agule ina. Kenako batire, kenako alternator. Pomafika mwezi wachitatu ndalama yothamangitsira udzudzu yaposa imene anagulira zoimbira zonse, pomwe vuto lenileni linali bauti imodzi yomangidwa pamwamba pa penti.

Maganizo anga ndi akuti mchitidwe wogulitsa chipangizo chatsopano usanapeze gwero la vuto ndi ulesi, ndipo nthawi zina ndi kuba ndithu. Phokosoli limapezeka ndi makutu, mita ya magetsi ndi kudekha kwa ola limodzi. Tsono eni galimoto tiyenera kudziwako pang'ono za momwe limabwerera kuti asamangotiyendetsa ngati mbuzi ya pachingwe.

Sindikudzudzula wosintha wailesi ayi. Galimoto zambiri zimene tikuyendera ndi zakale zochokera ku Japan, zolowa kudzera pa Songwe, pa Mwanza kapena pa Dedza. Mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pomwe nyumba zoulutsira mau za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye kuti ukasiya wailesi imene inabwera ndi galimoto umangomva masiteshoni ochepa a m'munsi mwa 90, mabatani akenso ali m'Chijapani. Komanso kwa mnyamata wa Sienta kapena wa minibasi nyimbo ndi mbali ya bizinesi, pakuti ana a sukulu amasankha yokwera pomvera kugunda kwake. Kungoti akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ukaika ampu waonjezera katundu pa magetsi a galimoto amene anawapangira kawailesi kakang'ono, ndipo katundu ameneyu ali ndi malamulo ake.

Tiyambe ndi kumvetsera, poti phokoso lililonse lili ndi mwini wake. Kulira kosalekeza kokwera ndi kutsika limodzi ndi injini n'kwa alternator. Chipangizo chimenechi chimapanga magetsi osinthasintha, ndipo tizipangizo tina m'kati mwake totchedwa ma diode timawaongola kuti alowe mu batire. Kuongolako sikumalizika kwenikweni, pamatsala timafunde ting'onoting'ono, mazanamazana pa sekondi iliyonse ngakhale injini ikungolira pamalo amodzi. Injini ikathamanga timafundeti timachulukana, n'chifukwa chake mau a udzudzu uja amakwera. Galimoto iliyonse ya alternator ili nato, koma timamveka pokhapokha tapeza khomo lolowera m'nyimbo.

Phokoso la "te-te-te" lofulumira pamene injini ikufulumira nthawi zambiri n'la mapulagi, mawaya ake kapena koyilo, ndipo limeneli n'la galimoto za petulo chifukwa za dizilo zilibe mapulagi othetheka. Kaphokoso ka "sssss" kosasintha ngakhale injini itazima sikakhudzana ndi injini mpang'ono pomwe, kamachokera ku ampu yotsegulidwa mopitirira muyeso. Ndipo inu a Aqua ndi a Prius dziwani kuti galimoto zanu zilibe alternator, batire yaing'ono imadzadzidwa ndi chipangizo china chotenga magetsi ku batire yaikulu ija. Mmisiri akakuuzani kuti alternator ya Aqua yanu yatha, tsanzikani mwaulemu muzipita.

Nanga khomo lolowera udzudzu limakhala pati? Kawirikawiri ndi pa waya wa earth. Magetsi amachoka ku batire pa waya wofiira uja, amagwira ntchito mu ampu, kenako ayenera kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Tsono njira yobwererayi ikakhala yothina kaamba ka penti, dzimbiri, bauti yosamanga kapena waya woonda, magetsi amachita zimene madalaivala a minibasi amachita akamva kuti kutsogolo kuli apolisi: amakhota n'kudzera m'tinjira ta m'lokeshoni. Kanjira kapafupi kamene amakapeza ndi mawaya a RCA, aja a mitu yofiira ndi yoyera otenga nyimbo kuchoka ku wailesi kupita ku ampu. Mawaya amenewa amanyamula magetsi ochepa kwambiri, pa mawailesi ambiri sapitirira 2 kapena 4 volts ngakhale mutatsegula voliyumu yonse. Ampu siidziwa kusiyanitsa nyimbo ndi mlendo wolowera pazenera, imangokweza zonse pamodzi.

Mukamvetsa zimenezi muona kuti kufufuza kwake kuli ndi ndondomeko, kuyambira pa zaulere kumka ku zodula. Vuto la amisiri athu ambiri n'lakuti amayambira kumapeto.

Choyamba, zulani chilichonse chimene chalumikizidwa poyatsira fodya paja: tchaja cha foni, kachipangizo ka Bluetooth, komanso zimitsani timagetsi ta LED tokongoletsera m'kati. Matchaja otchipa a m'misika ali ndi phokoso laolao, ndipo foni ikamaimba nyimbo pa waya uku ili pa tchaja, mwatsegula nokha kanjira kachiwiri ka magetsi. Anthu ambiri udzudzu wao umathera pomwepa osaononga tambala.

Chachiwiri, zimitsani zonse, zulani ma RCA ku ampu, kenako lizani injini ndi kuyatsa ampu. Udzudzu ukamamvekabe ndiye kuti wailesi ilibe mlandu, yang'anani earth ya ampu, waya wake wa moto, kapena mawaya a masipika amene agona limodzi ndi waya wa moto. Onaninso ngati thupi la ampu lamangidwa mwachindunji pa chitsulo cha galimoto, pakuti kutero kumatha kupanga earth yachiwiri. Ndi bwino ampu ikhale pa thabwa. Koma udzudzu ukatha mutazula ma RCA, ndiye kuti ukuchokera kutsogolo, kaya m'mawayawo kaya mu wailesi.

Chachitatu, tengani foni yosalumikiza ku tchaja, muilumikize ku ampu ndi waya wa jack kupita ku RCA, voliyumu ili pansi, n'kumakweza pang'onopang'ono. Nyimbo zikamveka zoyera injini ikulira, ampu yanu ndi yabwino ndipo wina asakunamizeni kuti mugule ina.

Chachinayi, bwerekani waya wina wa RCA muudutse pamwamba pa mipando, kutali ndi mawaya ena onse. Phokoso likatha ndiye kuti waya wakale uja waphwanyika penapake kapena anauyala moyandikana ndi waya wa moto. Lamulo lake n'losavuta, waya wa moto udzere mbali imodzi ya galimoto, ma RCA mbali inayo, ndipo akakumana angodutsana mopingasa. Amisiri ambiri amawamanga mtolo umodzi ndi tepi chifukwa kumasula mbali ziwiri za kapeti n'kotopetsa. Phokoso likapitirira ngakhale ndi waya watsopano, yang'anani earth ya wailesi kuseri kwa dashibodi, ndipo yesaniponso kuzula waya wa eliyo poti nawonso umakhudza chitsulo cha galimoto.

Apa ndichenjeze, musamazule kapena kulowetsa ma RCA zinthu zili choyaka. Mawailesi ena ali ndi kafyuzi kakang'ono m'kati koteteza earth ya ma RCA, ndipo kakapsa udzudzu umabwera wamphamvu kuposa kale ngakhale mawaya onse ali bwino. Kafyuzi kameneka wokonza mawailesi amatha kukasintha, sikuti wailesi yonse yatha ntchito.

Earth yabwino imaoneka chonchi: waya wake wonenepa mofanana ndi wa moto, waufupi wosafika theka la mita, kumapeto kwake kuli chitsulo cha mphete chofinyidwa bwino, womangidwa ndi bauti pa thupi lenileni la galimoto pamalo popalidwa ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala. Mukamanga mupakepo girisi kapena penti pamwamba kuti dzimbiri lisalowe nyengo ya mvula. Zimene timaona m'magalaja ambiri ndi waya wosendedwa ndi mano, wopotokoleredwa pa bauti ya mpando kapena pa kachitsulo ka chitseko cha buti. Pa misewu yathu ya maenje zoterezi sizitha mwezi zisanakhwefuke. Musaiwalenso waya wochoka ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi wina wochoka ku injini, chifukwa pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu amenewa amakhala atadyeka, ndipo magetsi onse a ampu amabwerera momwemo.

Palinso kabatani kena pa ampu kolembedwa kuti gain, kamene anyamata ambiri amakayesa voliyumu yachiwiri n'kukapotokola mpaka kumapeto kuti bwana amve kuti ndalama yake yagwira ntchito. Ntchito ya kabatani aka ndi kugwirizanitsa ampu ndi mphamvu imene wailesi ikutulutsa. Mukakatsegula konse, kaphokoso kamene sikakanamveka n'komwe kamasanduka mluzu, nyimbo zimasweka, ndipo masipika amapsa msanga. Nthawi zambiri kungokabweza m'mbuyo n'kumakwezera pa wailesi, theka la udzudzu limathawa.

Zonsezi zikalephereka mpamene tsopano tiyang'ane alternator ndi batire, ndipo apa pafunika mita. Batire yodzadza bwino, injini itazima kwa kanthawi, imaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Injini ikulira pa galimoto zambiri mita imaonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Mukatembenuzira mita ku AC n'kuyeza pomwepo, nambala iyenera kukhala yaing'ono kwambiri, ndipo ikamafika theka la volt ndiye kuti mwina diode ina yapsa. Pamenepo udzudzu uja wakuthandizani, wakuuzani msanga kuti tsiku lina mudzagona pa Zalewa batire itauma. Kuika fyuluta pa vuto lotere kuli ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha malungo.

Ndipo chonde amisiri, siyani chizolowezi chozula mutu wa batire injini ikulira ati poyesa ngati alternator ikutchaja. Zimenezo zinkatheka pa galimoto za makedzana zopanda kompyuta. Batire ndiyo imameza kulumpha kwa magetsi, ndiye mukaichotsa magetsi amatha kukwera mwadzidzidzi n'kuotcha kompyuta ya injini, wailesi ndi ampu yomwe. Mita ya magetsi ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi kompyuta ya Vitz. Mmisiri wa magetsi a galimoto wopanda mita ali ngati wogulitsa nyama wopanda sikelo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandiopsa kuposa udzudzu. Kumene kuli earth yolumikizidwa mwaulesi, kawirikawiri waya wa moto nawonso amakhala atauika mwaulesi. Waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku buti uyenera kukhala ndi fyuzi yake pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuzi ya pa ampu imateteza ampu yokha, siiteteza waya. Waya umenewu umadutsa pa chiboo cha chitsulo cholekanitsa injini ndi anthu, ndipo ngati pa chiboopo palibe labala, chitsulo chimaucheka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina ukhudza. Batire ya galimoto imatha kutulutsa ma ampere mazanamazana pa kanthawi kochepa, waya umafiira ngati wa mbaula ya magetsi, ndipo uli pansi pa kapeti. Mu minibasi yodzadza anthu, ya chitseko chimodzi chotsegulidwa ndi kondakitala yekha, tangoganizani. Enanso fyuzi ikapsa amamangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Kumeneko n'kuika moyo wa anthu okwera pa chiswe kaamba ka kafyuzi kotchipa.

Amalonda a zoimbira, nanunso muli ndi mbali yanu. Pa makatoni pamalembedwa 3000 watts, 5000 watts, manambala oti mwana wa Fomu 2 angawatsutse. Watts ndi volts kuchulukitsa ndi ma ampere. Ampu ya fyuzi imodzi ya 30 pa magetsi a 14 volts singakoke zoposa 420 watts kwa nthawi yaitali, ndipo gawo lina la zimenezo limathera kutentha. Nambala yoyenera kufunsa ndi ya RMS, osati ya PMPO kapena ya "max". Kumbali inayi, ampu yotulutsadi 1000 watts imafuna ma ampere oposa 70, pomwe alternator ya galimoto yaing'ono imapanga pakati pa 60 ndi 100, ndipo nyali, fani, mawaipa ndi pampu ya mafuta zikudya pomwepo. N'chifukwa chake mumaona nyali zikuphethira motsatira kugunda kwa wufa usiku.

Mawaya nawo ndi chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ambiri otchipa ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, chikopa cha pulasitiki chonenepa koma m'kati muli tiwaya towerengeka. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mukaona kuyera m'kati dziwani kuti si kopa weniweni. Aluminiyamu sadutsa magetsi bwino ngati kopa, ndiye wotere amafunika wonenepa kuposa, apo ayi amatentha. Gulitsani ndithu, koma muuzeni wogula chimene akugula.

Ndikudziwa chimene amisiri andiyankhe. Anena kuti makasitomala ndi omwe amakana kulipira, munthu wagula ampu yodula koma pa mawaya ndi pa ntchito akufuna zaulere, ndiponso akufuna galimoto ituluke pa mphindi makumi atatu poti akathamangire pasiteji. Izi n'zoona ndithu, ndipo eni galimoto tivomereze kuti kunenerera kwathu kumafika poipa. Ngati ndalama ili yochepa, kuli bwino kugula ampu yaing'ono ndi mawaya abwino kusiyana ndi chiampu chachikulu pa mawaya a nyale. Koma kasitomala sadziwa kuti fyuzi yasiyidwa, amene akudziwa ndi mmisiri. Wodziwayo ndiye ayenera kunena kuti "bwana, popanda fyuzi ine sindimanga", ngakhale kasitomala atakwiya n'kupita kwa wina.

Ena anena kuti fyuluta imagwira ntchito, nanga vuto n'chiyani? Inde ilipo nthawi yake. Kachipangizo kolekanitsa earth pa ma RCA kamathandiza pamene zonse zayesedwa ndipo gwero lili m'kati mwa chipangizo chimene simungachisinthe, mwachitsanzo wailesi ya fakitale yolumikizana ndi zinthu zina za galimoto. Koma tija totchipa timadyako mabesi amene munawalipirira ndalama zambiri, ndipo koposa zonse timabisa chizindikiro pomwe bauti yokhwefuka, waya wodyeka kapena diode yakupsa zikadali pompo. Fyuluta izikhala yomalizira, munthu atatuluka thukuta, osati moni wolandirira kasitomala.

Kwa inu ophunzira amene mukuyendayenda ndi masatifiketi m'maenvulopu, apa pali ntchito imene ikusowa eni. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito za manja, ndipo masukulu ngati Soche Technical ndi Lilongwe Technical alipo. Galimoto zikuchulukirachulukira ndipo zatsopanozi zadzadza makompyuta. Zimene ndafotokoza pamwambapa ndi physics ya ku sekondale, ija tinkaloweza pofuna kukhoza mayeso basi. Mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi mita, sandipepa ndi mbiri yoti sanamiza anthu sangasowe makasitomala, chifukwa madalaivala amauzana pasiteji msanga kuposa wailesi.

Tsono inu eni galimoto, musanapereke makiyi gwirizanani zinthu zingapo. Akuonetseni fyuzi ya pafupi ndi batire ndi labala ya pa chiboo. Akuonetseni pamene wamanga earth asanabwezeretse kapeti. Muyese zoimbirazo injini ikulira, nyali ndi fani zili choyaka, voliyumu ili pansi, mukuponda moto pang'onopang'ono, pakuti pa voliyumu yokweza udzudzu umabisala. Ndalama yomaliza iperekedwe pambuyo pa mayeso amenewa. Pogula zipangizo tengani lisiti, chifukwa ngakhale mutakadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, popanda pepala nkhani yanu ikhala yovuta kuitsata. Ndipo mmisiri akatchula fyuluta asanazule n'komwe ma RCA, mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, mwayesa chiyani kuti mudziwe kumene phokosoli likuchokera?" Wodziwa ntchito ayankha mosavuta ndipo akondwera kuti mwafunsa. Winayo ayamba kukuuzani kuti galimoto za mtundu umenewu zimatero basi, ndipo pamenepo tengani makiyi anu ndalama ikadali m'thumba.